Kuphunzitsa mwana kuwerenga kuli ngati kumuphunzitsa njinga

Mukapita ku msonkhano wa makolo pa sukulu ya pulayimale kuno ku Magaleta, simuchedwa kumva aphunzitsi akutchula "ndondomeko ya kuwerenga", ena amangodula kuti NRP. Timagwedeza mitu ngati tamva, koma pobwerera kunyumba timafunsana m'njira: kodi kuwerenga nakonso kumafuna ndondomeko? Ife si tinangolemberedwa a, e, i, o, u pa bolodi, basi n'kuyamba kuwerenga? Funso limeneli si lopusa, abale anga. Yankho lake lili pakhomo pathu pomwe, latsamira khoma la nyumba. Tiyeni tiitenge njinga ija tiiyang'ane bwino.

Mwana amayamba kuyenda popanda womuphunzitsa. Kulankhula nakonso amangotola pomva akuluakulu. Koma njinga ayi. Mwana akhoza kukula akuiona tsiku ndi tsiku, akukwezedwa pa kaliyala popita kuchigayo ndi kuchipatala, koma osadziwa kupalasa mpaka tsiku limene wina adzamugwirire n'kumuuza poponda. Kuwerenga kuli m'gulu la njinga. Malembo ndi chida chimene anthu anachita kupanga, ndipo chida chimafuna wokusonyeza kagwiridwe kake. Mwana akhoza kukhala m'kalasi zaka zitatu, akuona malembo pa bolodi, akuyankha nawo anzake akamayankha, koma iye osawerenga. Ameneyo wangokwezedwa pa kaliyala. Ulendo wauona, koma mapedulo sanawapondepo.

Momwe zinadziwikira

Kuwerenga si kwachilendo ku Neno kuno. Mishoni ya Matandani inatsegulidwa mu 1908, ndipo kuyambira nthawi za amishoni makolo athu akhala akuphunzira malembo. Ambiri a ife tinadutsa m'buku la Sosa, tikumanga mawu kuchokera ku maphatikizo. Nanga zinasokonekera pati?

Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, pakuti mwana wa mphawi naye analowa m'kalasi. Koma aphunzitsi anachepa, mwakuti boma linalemba anthu zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji. Mabuku anachepa, zipinda zinachepa, ena n'kumaphunzirira pansi pa mtengo. Mpaka lero si zachilendo kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1, mphunzitsi ali mmodzi. Kenako kuyambira mu 2007 maphunziro a ku pulayimale anasinthidwa, ndipo kaphunzitsidwe kanatsamira kwambiri pa kumuonetsa mwana mawu athunthu, maphatikizo aja n'kutsalira m'mbuyo.

Vuto linabisika chifukwa kalasi yonse ikamayankhira limodzi imamveka bwino. Ana asanu akutsogolo amawerenga, ena onse amatsatira mawu awo. Mlendo akaima pakhomo amati pano pali maphunziro.

Mu 2010, Unduna wa Zamaphunziro mothandizidwa ndi bungwe la USAID unayesa ana mwa njira ina. Woyesa ankakhala pansi ndi mwana mmodzi yekha, n'kumupatsa pepala la malembo, la maphatikizo, kenako kankhani kakafupi ka m'Chichewa, n'kumumvetsera kwa mphindi imodzi. Kunali kumutsitsa mwana pa kaliyala n'kumupatsa mahandulo. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni: ana oposa theka a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la m'kankhaniko, ndipo mu Sitandade 4 namonso munali ambiri otero. Kafukufuku wina wa mu 2007, wotchedwa SACMEQ, amene anayesa ana a Sitandade 6 m'mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, anali ataika kale Malawi kumunsi kwenikweni pa kuwerenga, pafupi ndi Zambia. Apa m'pamene panachokera maganizo akuti kuwerenga kukhale ndi ndondomeko yakeyake.

Masitepe asanu

Aphunzitsi ophunzitsidwa bwino amakuuzani kuti kuwerenga kuli ndi magawo asanu. Musaope, onse asanu mumawadziwa kale.

Gawo loyamba ndi la khutu. Mwana asanakwere njinga amayamba waikankha pabwalo, kuti amve kulemera kwake ndi momwe imapendekera. Chimodzimodzi asanaone lembo, amafunika amve kuti mawu amene amalankhula amaduka m'zidutswa. Aphunzitsi akamawombetsa ana m'manja kuti "mbu-zi", "chi-ma-nga", kapena kuwafunsa ngati "mutu" ndi "mudzi" amayamba mofanana, si masewera otayitsa nthawi. Akukonza khutu. Mwana amene samva kuti m'mawu akuti "moto" muli maliwu anayi, sangamvetse chifukwa chake timalemba malembo anayi.

Gawo lachiwiri ndi kudziwa malembo ndi maliwu ake. Apa ndi pamene mwana amauzidwa kuti awa ndi mapedulo, awa ndi mabuleki, ukagwira apa pachitika chakuti. Makolo ena amadabwa kuona mwana wa Sitandade 1 akubwera ndi "n" ndi "k" asanaphunzire "b" ndi "c", n'kumati aphunzitsi asokoneza. Sanasokoneze. Okonza mabuku anawerengetsera malembo amene amapezeka kawirikawiri m'Chichewa, ndipo anawaika patsogolo: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Aphunzitsi amangoti "anikumeto". Ndi malembo ochepa amenewa mwana amatha kale kuwerenga "ana", "moto", "mano", "kuno", ngakhale chiganizo chonse monga "Ana akana kumeta." Amalawa kukoma kwa kuwerenga masabata oyambirira omwe, osadikira kuti afike pa z.

Chichewa chathu ndi bwalo losalala pophunzirira, chifukwa lembo limasunga liwu lake paliponse pamene lili. "A" wa mu "amayi" ndi yemweyo wa mu "nsima". Zitunda zilipo ndithu, monga momwe zilili zitunda za kuno ku Neno: kusiyanitsa "ngoma" ndi "ng'ombe", kuwerenga "ntchito", "mphaka", "nkhwangwa", "thyola". Koma munthu wanzeru sayambitsa mwana njinga pa chitunda. Amayamba pa bwalo, zitunda zimabwera mwendo utalimba. Ndondomeko yabwino ndi imene imadziwa choyamba ndi chotsatira.

Gawo lachitatu ndi limene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ana athu ambiri amagwera. Aphunzitsi amati kuwerenga mosadodoma. Mukudziwa inu kuti njinga ikamayenda pang'onopang'ono kwambiri siima, imagwa. Wophunzira amaganiza kuti akachepetsa liwiro apulumuka, koma m'pamene mahandulo amagwedezeka, iye n'kupezeka pansi. Chimene chimaimika njinga ndi kuyenda kwake komweko.

Mutu wa munthu umasunga zinthu zochepa chabe pa kanthawi kochepa. Tengani chiganizo ichi: "Amayi anapita kuchigayo ndi thumba la chimanga koma anapeza magetsi atazima." Mwana wodziwa kuwerenga amachimeza kamodzi n'kuona chithunzi chonse. Koma wodododma amati "a-ma-yi... a-na-pi-ta... ku-chi-ga-yo", mphamvu zonse zili pa kulumikiza maphatikizo. Pofika pa "magetsi", amayi aja anawaiwala kalekale. Lembo lililonse walitchula molondola, koma mukamufunsa kuti wawerenga chiyani, amangoyang'ana pansi. Sikuti ndi mbuli. Liwiro linachepa, njinga yagwa.

Katswiri wina amene anagwira ntchito ku World Bank, Helen Abadzi, amati mwana amafunika kuwerenga mawu 45 mpaka 60 pa mphindi kuti amvetse zimene akuwerenga. M'Chichewa chiwerengerocho chimatsikirapo, popeza mawu athu ndi aatali: "sindinakuoneni" ndi liwu limodzi, pamene Chingerezi chimafuna mawu angapo kuti chinene zomwezo. Koma mfundo yake siisintha. Ndipo liwiro limeneli silibwera ndi kukalipira kapena ndi ndodo. Limabwera ndi kupalasa tsiku ndi tsiku, mpaka miyendo izichita yokha, maso ali kutsogolo.

Gawo lachinayi ndi kudziwa matanthauzo a mawu. Wopalasa waluso akalowa m'dera limene salidziwa amasochera, ngakhale miyendo ili yolimba. Mwana akhoza kutchula bwinobwino liwu lakuti "chilala" kapena "mgwirizano", koma ngati sanalimvepo, liwulo silimuuza kanthu. Apa agogo amene amasimbira adzukulu nthano madzulo akugwira ntchito ya sukulu ngakhale iwo sanapiteko. Mwana amene amacheza ndi akuluakulu, kufunsa ndi kuyankhidwa, amalowa m'kalasi akudziwa njira zambiri.

Gawo lachisanu ndi kumvetsa nkhani, ndipo limeneli ndiye cholinga cha zonse. Sitigula njinga kuti tizizungulira nayo pabwalo. Timagula kuti thumba la nandolo lifike kumsika, wodwala afike kuchipatala. Tanthauzo la nkhani ndiye katundu wa pa kaliyala. Mwana akawerenga n'kutha kukuuzani amene anachita, chimene anachita, ndi chifukwa chake, katundu wafika.

Kugwira, kuthamanga nawo, kusiya

Nanga magawo amenewa amaphunzitsidwa bwanji? Kumbukirani momwe munaphunzitsira mwana wanu kapena mng'ono wanu. Poyamba munakwera nokha iye akuonerera. Kenako anakwera iye, inu mutagwira kaliyala, mukuthamanga pambuyo. Pomaliza munasiya mwakachetechete, iye n'kupita yekha. Buku la mphunzitsi la masiku ano linakonzedwa motero. Poyamba mphunzitsi amachita yekha ana akuona, kenako amachitira limodzi ndi ana, pomaliza ana amachita okha.

Pa atatuwa, sitepe imene imasowa kawirikawiri ndi yomaliza. M'kalasi ya ana 100, n'kosavuta kuti phunziro lithere pa kuchitira limodzi, belu n'kulira. Dzanja la mphunzitsi silichoka pa kaliyala. Mwana wotero amaloweza tsamba lonse, ndipo akhoza kukuwerengerani buku litatembenuzika. N'chifukwa chake mphunzitsi waluso amawaika ana awiriawiri kuti aziwerengerana, iye n'kumazungulira, kumvetsera uyu lero, uyo mawa.

Palinso nkhani ya kukula kwa njinga. Tonse tinaonapo kamwana katalowetsa mwendo pansi pa felemu ya njinga ya bambo ake, kakupalasa chopendekera chifukwa pa chishalo sikafika. Kamayenda ndithu, koma movutikira, ndipo sikafika patali. Buku lolembedwera akuluakulu ndi lotero kwa mwana wa Sitandade 1. Amafunika timabuku ta msinkhu wake, tokhala ndi malembo okhawo amene waphunzira, kenako tokulirapo pang'ono, mpaka adzafike pa chishalo.

Ndondomeko si buku lokha

Tsopano tafika pa funso la m'njira lija. Munthu amene anagulapo njinga amadziwa kuti kugula ndi chiyambi chabe. Pamafunika pampu, zigamba, mafuta, masipoko, ndi wokonza amene ali pafupi. Chimodzi chikasowa, njinga imapachikidwa. Ndondomeko ya kuwerenga ndi kuonetsetsa kuti zonse zofunika zilipo nthawi imodzi: dongosolo la zophunzitsa, buku m'manja mwa mwana, mphunzitsi wophunzitsidwa, womuyendera mphunzitsiyo, nthawi yokwanira pa tsiku, ndi kuyesa ngati ana akuwerengadi.

Ndipo musanagule njinga mumayamba mwaizungulitsa kaye. Boma nalo linatero. Njira imeneyi inayesedwa koyamba m'maboma a Salima ndi Ntchisi pansi pa dzina lakuti Maziko a Kuwerenga. Itaonetsa zipatso, kuyambira mu 2013 inafalikira m'maboma a zamaphunziro 11. Mu 2016 m'pamene inakhala ya dziko lonse, ya Sitandade 1 mpaka 4, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo inafika m'sukulu zonse za boma, kuphatikizapo zathu zino. Mabuku ake amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, m'boma la Zomba.

Aphunzitsi ena amadandaula kuti buku la mphunzitsi limawauza chilichonse, ngakhale mawu oti anene, ngati iwo alibe nzeru zawo. Dandaulolo lili ndi mfundo. Koma taganizani za mphunzitsi wongoyamba kumene amene wapatsidwa ana 100. Bukulo ndi dzanja logwira kaliyala wake. Akazolowera, ayenera kupatsidwa mpata woona kuti ana ake atsalira pati, abwereze pamene pafunika kubwereza.

Pa nkhani ya mabuku tiyeni tinene chilungamo. Ana khumi akamalimbirana njinga imodzi, amene amaphunzira ndi awiri amphamvu, ena amangothamanga pambali. Buku limodzi pa ana khumi ndi chimodzimodzi. Koma palinso vuto lina loipa kuposa kuchepa: mabuku kukhalapo koma otsekeredwa m'kabati kuopa kuti ang'ambika. Kumeneko ndi kupachika njinga kudenga kuopa kuti matayala atha. Matayala amene atha ndi umboni wakuti njinga yagwira ntchito. Buku lakuda ndi manja a ana laposa buku loyera la m'katoni. Ntchito yathu makolo ndi kulikutira ndi pepala kapena pulasitiki, ndi kumupezera mwana kathumba koti lisanyowe nthawi ya dzinja.

Wokonza njinga wa ndondomeko imeneyi ndi mlangizi wa sukulu za pulayimale, amene timamudziwa kuti PEA, wokhala ku TDC, malo osonkhanirako aphunzitsi a m'zoni. Maphunziro a sabata imodzi pa holide sasintha kaphunzitsidwe ka munthu mpaka kalekale. Pakapita miyezi, masipoko amakhwepa, mphunzitsi amabwerera ku zimene anazolowera. Pamafunika wina wolowa m'kalasi, kukhala kumbuyo, kuonerera, kenako kukambirana naye mwaulemu. Ku Kenya, ndondomeko yotchedwa Tusome imene inayamba mu 2015 inatchuka chifukwa cha zinthu ziwiri zomwezi: buku kwa mwana aliyense, ndi alangizi oyendera makalasi pafupipafupi. Kwathu kuno mukudziwa momwe misewu imakhalira mvula ikagwa. Mlangizi sangafike paliponse. N'chifukwa chake aphunzitsi aakulu ndi oyang'anira makalasi aang'ono pa sukulu pomwepo ayenera kumathandizana okhaokha, monga momwe wopalasa aliyense amadziwira kubwezera tcheni pa kalanka osadikira mmisiri.

Ku koleji

Kudziwa kupalasa ndi kwina, kudziwa kuphunzitsa wina ndi kwinanso. Alipo akabaza aluso amene sangathe kufotokoza chimene miyendo yawo imachita. Wachinyamata amene wakhoza MSCE amawerenga bwino, koma anaiwala kalekale momwe anaphunzirira. Ntchito ya koleji ndi kumubwezera m'mbuyo, aonenso lembo ndi maso a mwana wa zaka 6.

Aphunzitsi a ku pulayimale amaphunzira zaka ziwiri m'makoleji monga a Blantyre, Chiradzulu, Phalombe, Machinga, Lilongwe, Kasungu ndi Karonga. Maphunziro awo atakonzedwanso mu 2017, amakhala materemu awiri ku koleji, awiri ku sukulu akuphunzitsa ana enieni, kenako awiri kubwerera ku koleji. Kubwererako n'kofunika. Munthu amene wagwapo ndi njinga amafunsa mafunso anzeru kuposa amene anangoiona pa chithunzi. Wophunzira uphunzitsi amene wakumana ndi mwana wosasiyanitsa "b" ndi "d" amabwerera ku koleji akudziwa chimene akufuna kumva.

Chofunika kwambiri n'chakuti koleji ndi sukulu zizilankhula chimodzi. Koleji ikamaphunzitsa njira ina, buku la ku sukulu likunena ina, boma limawononga ndalama kawiri: kumuphunzitsa munthu zaka ziwiri, kenako kumuitanira ku TDC kuti asiye zimene anaphunzira. Choncho ndondomeko yeniyeni imayambira kwa aphunzitsi a ku koleji, ndipo mabuku amene ali m'manja mwa ana a ku Magaleta ayenera kukhalanso m'manja mwa wophunzira wa ku Blantyre TTC. Ana osaona ndi osamva nawo sanasiyidwe: koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imaphunzitsa aphunzitsi a zilembo za Braille ndi chinenero cha manja.

Tisaganizenso kuti kuphunzitsa kuwerenga kumathera mu Sitandade 4. Ku sekondale ndi ku koleji ulendo umatalika, katundu amalemera. Buku la sayansi siliwerengedwa ngati nthano. Wophunzira amafunika kusonyezedwa kupeza mfundo yaikulu m'ndime, kufupikitsa tsamba m'mawu akeake, ndi kuzindikira pamene wasochera kuti abwerere. Wa Fomu 1 amene akudodomabe safuna kusekedwa. Amafuna wina abwerere naye pa bwalo kwa kanthawi.

Njinga yachiwiri, ndi njinga yobwereka

Makolo ambiri amafunsa kuti, bwanji osangoyamba ndi Chingerezi, popeza kuyambira Sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 nawo, kupatula phunziro la Chichewa, ali m'Chingerezi? Nkhawayo ndi yomveka. Koma amene waphunzira pa njinga ya kwawo akakwera ya mnzake sayambiranso pachiyambi. Amangozolowera mahandulo ndi mabuleki ake. Mwana amene wadziwa m'Chichewa kuti malembo amaimira maliwu, kuti timayambira kumanzere, kuti nkhani ili ndi mutu ndi mathero, amatenga luso lonselo kupita nalo ku Chingerezi.

Ndipo Chingerezi si njinga yoyambirapo. Chili ndi malembo 26 koma maliwu pafupifupi 44. Lembo "a" limamveka mwina mu "cat", mwina mu "cake", mwinanso mu "call". Kuwonjezera apo, mwana wa kuno akatchula liwu la Chingerezi sadziwa ngati walondola, chifukwa sanalimvepo. N'chifukwa chake m'makalasi oyambirira Chingerezi chimayamba ndi kumva ndi kulankhula, pamene kuwerenga kukukhazikika m'chinenero chimene mwana amalota nacho.

Kwabweranso matabuleti. Mu Seputembala 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale za boma. Ana amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti yotchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Ubwino wake ndi wakuti mwana aliyense amagwira mahandulo yekha, pa liwiro lake, zimene zimavuta m'kalasi yodzaza. Koma tabuleti siidziwa kuti mwana wagona ndi njala kapena wajomba sabata yonse. Mphunzitsi ndi kholo ndi amene amadziwa.

Tinenenso ichi. Mbali yaikulu ya ntchito yonseyi, kusindikiza mabuku ndi kuphunzitsa aphunzitsi, inkayenda ndi ndalama za mayiko akunja, makamaka za USAID. Mu 2025 boma la America linaimitsa ntchito zambiri za bungweli. Njinga yobwereka, mwini wake akaifuna, umatsika ngakhale uli pakati pa ulendo. Koma luso lopalasa sapita nalo. Aphunzitsi amene anaphunzira njirayi akadali nafe, mabuku analembedwa kale m'chinenero chathu. Chatsala n'chakuti boma lathu liike ndalama zosindikizira mabuku chaka ndi chaka, ndipo ife tizifunsa aphungu ndi makhansala athu za nkhani imeneyi monga momwe timafunsira za msewu ndi feteleza.

Mbali ya pakhomo

Ku sukulu mwana amasonyezedwa poponda, koma mwendo umalimbira kunyumba. Simufunika kukhala wophunzira kuti muthandize. Munthu amene sadziwa kupalasa amaona ndithu ngati wokwera akugwedezeka. Muuzeni mwana akuwerengereni mokweza kwa mphindi imodzi, dzuwa lisanalowe. Khutu lanu likuuzani ngati mawu akuyenda ngati munthu akulankhula, kapena akudukaduka. Akamaliza, atseke buku, akuuzeni zimene wawerenga. Ngati mumadziwa malembo, lozani liwu la pakati kapena la kumapeto kwa tsamba, muone ngati akuwerenga kapena analoweza.

Zowerenga zilipo pakhomo kuposa momwe timaganizira: Baibulo, buku la nyimbo, uthenga wa pafoni, zolemba pa thumba la mbewu, zikwangwani za pamsika. Mkulu wake wa Sitandade 6 akhoza kukhala naye pa mkeka. Akalakwitsa, musamukalipire. Palibe amene anaphunzira njinga osagwa, ndipo mwana amene wamenyedwa chifukwa chogwa safunanso kukwera.

Mwana ayambe sukulu pa zaka 6, osadikira kuti akule kaye. M'mera mpoyamba. Ndipo popeza malembo amaphunzitsidwa motsatana, kujomba kumapweteka kwambiri m'makalasi aang'ono. Amene wakhala sabata ziwiri kumunda nthawi yopalira, kapena amatumidwa kumsika tsiku la sukulu, amapeza anzake adutsa malembo angapo, ndipo mawu onse okhala ndi malembo amenewo amamutsekera. Mukaona mwana akuyandikitsa buku kumaso, kapena sakumva mukamuitana chakumbuyo, pitani naye ku chipatala cha Magaleta akamuone. Nthawi zina vuto silikhala m'mutu, limakhala m'maso kapena m'khutu.

Pa msonkhano wotsatira, a komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a gulu loyang'anira ana asathere pa njerwa ndi zimbudzi zokha. Afunsenso kuti, mu Sitandade 2 ana angati amawerenga okha? Mabuku alipo angati, ndipo amapita nawo kunyumba? Aphunzitsi aluso aikidwa ku makalasi aang'ono, kapena onse ali ku Sitandade 8? Mafunso amenewa si olimbana ndi aphunzitsi. Mphunzitsi wa ana 100 amafuna anthu omuthandiza kusenza, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mwana amene wamaliza Sitandade 2 ayenera kumawerenga kankhani ka m'Chichewa payekha n'kukafotokoza. Ngati wanu ali mu Sitandade 3 ndipo akudodomabe, musadikire kuti zidzakonzeka zokha chaka chamawa. Mumvetsereni madzulo ano, ndipo mawa m'mawa mupite mukaonane ndi aphunzitsi ake.